Mpunga wa Abiti Laisi

Chaka cha ng'amba chija, mvula itadula chimanga chikuyamba kumene kumasula, ine ndinali pa Balaka, pa benchi yanga pafupi ndi depoti ya mabasi, ndikukonza mafoni a anthu. Dzina langa ndine Idrisa. Kwathu ndi kwa Mbalika, ulendo wa maola anayi wapansi kuchokera pa Ngokwe kulowera ku madambo a Chiuta. Kumeneko kunali amayi anga, Abiti Laisi, akulera zidzukulu zitatu zimene anasiya malemu mlongo wathu wamng'ono. Kunalinso achemwali anga aakulu, a Lukiya, munthu woti akafuna kuyankhula nawe umayamba wapeza pokhala.

Kupatula kukonza mafoni, ndinali ndi tsamba langa pa Fesibuku. Onditsatira analipo zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkayenda ngati onsewo ndinabala ndine. Mlatho ukakokoloka ndinkalemba. Mjigo ukafa ndinkalemba. Kawiri konse zinthu zinakonzedwadi nditalemba, ndipo kawiri kameneko ndinkakatchula paliponse, ngakhale pa maliro.

Mu Okutobala bungwe lina linamanga matenti pa Ngokwe n'kuunjikamo matumba a chimanga. Banja lililonse lolembedwa m'kaundula linkalandira thumba limodzi pa mwezi mpaka nthawi yokolola. Midzi yotizungulira inalembedwa, koma kwa Mbalika anakudumpha. M'mapepala akale mudzi wathu unalembedwa kuti ndi wa alimi a mpunga, ndipo kwa munthu wokhala mu ofesi, mlimi wa mpunga sagona ndi njala. Sanadziwe kuti chaka chimenecho dambo linang'ambika moti mwana ankalowetsa mwendo m'ming'alu. Ine ndinkatumiza kathumba ka ufa ndikapeza, koma njala inali itafikanso pa Balaka, ndipo munthu wanjala sakonzetsa foni.

Tsiku lina masana a Lukiya anandiimbira ali pa chulu cha kuseri kwa mzikiti, pamene netiweki imagwira.

"Iwe Idrisa, Lolemba tikupita pa Ngokwe. Azimayi tonse."

"Kukatani, achemwali?"

"Kukafunsa ngati ife ndife a ku Mozambiki."

Ndinaseka, n'kuyamba kuwaphunzitsa. Ndinawauza kuti mademo ine ndinawaona ndi maso anga m'tauni. Amayamba ndi nyimbo, amatha ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo wina amabwerera kwawo atasenza sofa ya eni ake. Masiku ano, ndinatero, munthu sayendera mapazi zinthu zoti chala chikhoza kuchita.

"Kuno kulibe wofuna sofa," anayankha. "Kuno tikudya chitedze."

Chitedze ndimachidziwa. Ndi nyemba zakutchire zija zaubweya woyabwa, zoti zikakukhudza umadzikanda mpaka kutuluka magazi. Kuti uzidye uyenera kuziwaula pamoto, kuzisenda, n'kuziphika tsiku lonse ukutaya madzi kambirimbiri, apo ayi zimakuzunguza mutu ngati waledzera. Sindinkadziwa kuti kwathu zafika pamenepo.

"Mundipatse masiku khumi," ndinapempha. "Munditumizire zithunzi basi."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Idrisa. Iwe sunamve." Anapuma pang'ono. "Chabwino, masiku khumi. La khumi ndi chimodzi usandiimbire, ndidzakhala ndili pamsewu."

Zithunzi zinabwera zitatu. Chimodzi chinali cha mphika, china cha manja otupa. Chachitatu chinali cha amayi atakhala pambali pa mphikawo, atavala chitenje chawo cha kudimba chong'ambika m'mphepete, akuyang'ana kumbali osadziwa kuti akujambulidwa. Ndinasankha chachitatucho chifukwa ntchito yanga ndinkaidziwa. Kuwafunsa amayi sikunandibwerere n'komwe m'mutu.

Pa masiku atatu anthu zikwi zinayi anali atachigawa. Wailesi ina inawerenga zimene ndinalemba. A ku Joni analemba kuti akulira, a ku Lilongwe analemba kuti dziko lapita, ndipo tinkhope tolira tija tinachuluka ngati nyerere pa shuga. Tsiku lachisanu foni yanga inalira. Anali mayi wina wa mawu odekha, anati dzina lawo ndi Joanna, woyang'anira kaundula pa matenti a pa Ngokwe. Akuluakulu awo anali ataona chithunzicho. Lachinayi abwera ndi anzawo kudzaona okha, ndipo akapeza kuti n'zoona, mudzi wathu ulowa m'kaundula.

Ndinawaimbira a Lukiya nthawi yomweyo. "Achemwali, nsapato zanu zisungeni. Boma likubwera lokha pakhomo."

"Tiona," anatero, n'kudula.

Ndinafika kumudzi Lachitatu madzulo dzuwa likanalipo. Zimene ndinaona zinaposa zithunzi. Ana a malemu mlongo wanga anali atafiira tsitsi, ndipo amayi anali atachepa moti mpango unkaoneka waukulu pamutu pawo. Ndinasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango n'kuwalangiza ngati mphunzitsi. Mawa kukubwera anthu a kaundula. Wina asasinthe kanthu. Miphika ya chitedze ikhale pamoto, ana akhale mmene alilimu, alendowo aone zenizeni. Onse anagwedeza mitu n'kunena kuti eya. Ndinali nditakhalitsa m'tauni, ndinaiwala kuti kwathu mwana wa eni ake akamayankhula pagulu sitimutsutsa.

Anthu atabalalika amayi anandifunsa, "Alendowo ndi angati?"

"Asanu, amayi."

"Afika nthawi yanji?"

"Cha m'ma teni."

Anangoti, "Oo." Ine ndinayesa akungofuna kudziwa.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga kupita pa Ngokwe kukalondolera galimoto, chifukwa njira ya kwathu ili ndi mphambano zosokoneza. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Panali mavuto a mafuta, kenako a makiyi, kenako bwana wina anayenera kusaina. Tinanyamuka cha m'ma wani, njinga yanga itamangidwa kumbuyo. M'galimotomo munali mayi Joanna, bambo wina wadazi dzina lake Hudson atafungatira tabuleti yolembamo mayankho, ena awiri, ndi dalaivala. Onse anali asanadye, ndipo dalaivala ankanena zimenezo pa bampu iliyonse.

Fungo linatipeza tisanatsike. Linali fungo la mpunga wa kwathu, uja umanunkhira mpaka kutsidya kwa dambo, losakanikirana ndi la nkhuku yokazinga.

Bwalo la amayi linali losesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Pansi pa mango panali mipando isanu yobwereka ndi tebulo loyala nsalu yoyera. Ana onse a m'mudzi anali osamba, odzola mafuta, atavala zovala za pa Idi. Mphika wa chitedze sunkaoneka paliponse. Pambuyo pake ndinaupeza kuseri kwa bafa atauvindikira ndi chiguduli. Amayi anatuluka atavala chitenje chawo cha ku ukwati, anagwada, n'kuyamba kupereka moni kwa mlendo aliyense payekhapayekha.

"Muli bwanji, amayi?" anafunsa mayi Joanna.

"Tili bwino ndithu, kaya inu mwayenda bwanji?"

Mpungawo unali wa mbewu, umene amayi anausunga m'chigubu kudikira mvula. Nkhukuyo inali thadzi lomaliza pakhomopo, ndipo anaitana mwalimu wa pamzikiti kudzaichinja. Mudzi wonse unali m'chiwembucho. Wina anabweretsa timafuta ta m'kapepala, wina tomato awiri, wina shuga wa tiyi amene ankasungira wodwala. Ndinapita kwa a Lukiya, amene anaima patali atapinda manja.

"Achemwali, inu munali kuti?"

"Pompano. Mchere ndapereka ndine."

"Inunso?"

"Amayi andipemphe mchere ine ndiwamane? Kawamane ndiwe."

Alendo anadya. Mayi Joanna anayamba akana, koma amayi anawayang'ana ndi nkhope yoti munthu sungakanenso. Dalaivala anadya ngati wabwera ku sadaka. Ine ndinayandikira amayi n'kuwanong'oneza kuti awauze za chitedze.

"Alendo akudya, Idrisa," anandiyankha motsitsa, osandiyang'ana.

Atasamba m'manja, a Hudson anatsegula tabuleti yawo. Anati popeza nthawi yatha, afunsa nyumba imodzi yokha, ya pa chithunzi chija, kwinako angozungulira n'kuona ndi maso. Anajambula chiphaso cha amayi n'kuyamba.

"Pa masiku asanu ndi awiri apitawa, banja lino ladyako nyama?"

Amayi anayang'ana mafupa ali m'mbale, amene adzukulu awo anali atayamba kale kuwakukuta. Munthu wopemphera kasanu pa tsiku sanganame mafupa ali pamaso pake.

"Eya, lero."

"Mpunga?"

"Eya."

"Mafuta ophikira? Shuga?"

Ndinalowerera. Ndinafotokoza kuti zonsezi ndi za lero lokha, aphikira iwowo, dzulo ana awa anagonera chitedze. A Hudson sanali munthu woipa. Anandionetsa tabuletiyo kuti ndione ndekha. Funso lililonse linali ndi timabokosi tiwiri, eya ndi ayi.

"Achimwene, muno mulibe polemba nkhani," anatero.

Anazungulira mudzi kwa mphindi makumi awiri. Anaona mabwalo osesa, ana onyezimira, ndi anthu oyankha kuti tili bwino. Pokwera galimoto mayi Joanna anandikokera pambali.

"Ndaona chimene chachitika," anatero. "Amayi anganso akanatero. Ndikalemba m'munsi mwa lipoti, koma ndikuuzeni zoona, m'munsimo owerenga ndi ochepa."

Lachisanu dalaivala uja anaika chithunzi pa Fesibuku. Sanachite mwa nkhanza. Anajambula mbale yake ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, amayi akuoneka kumbuyo akuthira tiyi, n'kulemba kuti zikomo anthu a kwa Mbalika potilandira bwino. Pofika masana wina anali atachiphatikiza ndi chithunzi changa chija, mbali iyi amayi ndi mphika wa chitedze, mbali inayo amayi omwewo atatchena akuthira tiyi. Anthu omwe aja analira Lolemba ndi amene anayamba kundilalatira. Ndinakhala wabodza, wakuba, wogulitsa mayi ake kwa azungu. Ndinaima pa chulu paja ndikuyankha mmodzimmodzi mpaka batire linatha, ndipo palibe amene anawerenga mayankho anga. Walira mvula walira matope. Loweruka mayi Joanna ananditumizira uthenga waufupi wakuti lipoti lapita, ndipo kwa Mbalika sikunalowe.

Ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akusenda chitedze, manja atawakulunga m'majumbo. Ndinali nditakwiya, ndipo sindinabise.

"Amayi, mpunga uja unali wa mbewu."

"Ndikudziwa. Ndinausunga ndine."

"Nanga munachitiranji? Ndinakuuzani. Ndinauza mudzi wonse. Chimanga chinali chitafika pakhomo, inu mwachibweza ndi nkhuku imodzi."

Anapitiriza kusenda kwa kanthawi. Kenako anayankhula osakweza mawu.

"Anzanga a Dalesi anandionetsa pa foni ya mwana wawo. Ndinadziona ndili ndi chitenje cha kudimba, pakamwa pali yasa. Anati a ku Joni andiona, a ku Lilongwe andiona, azilamu anga a ku Mangochi andiona. Iwe sunandifunse." Anaponya makoko pamoto. "Tsono anthu aja ayenda ulendo wonsewo kudzaona mayi wa pa chithunzi. Afika pakhomo panga dzuwa litapendeka, asanadye. Ndiwapatse chitedze? Njala ndili nayo, mwanangu, koma sindine nyani."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa manyazi. Ndinali nditatenga nkhope ya amayi anga n'kuigawira anthu zikwi zinayi ngati ndi yanga, ndipo iwo anaiwombola ndi chinthu chokhacho chimene anali nacho. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusenda, ndipo popeza sindinavale majumbo, ndinadzikanda mpaka Lamulungu.

Masiku anga khumi anali atatha. Lamulungu masana a Lukiya anaitana azimayi pansi pa mango. Amuna ena anabwera kudzawaopseza. Mademo amafuna kalata ya chilolezo, anatero, ndipo pa matenti paja pali apolisi. Amayi anganso ananeneratu kuti iwo zoimba pamsewu ndi zonyamula zikwangwani sapita.

"Ndani wanena za mademo?" anafunsa a Lukiya. "Anthu aja anabwera kwathu, tinawalandira. Ulendo umabwezedwa. Mawa tikupita kukawaona mmene anayendera."

A Dalesi anayamba kuseka, ena n'kutsatira.

"Ndipo mlendo safika chimanjamanja," anapitiriza a Lukiya. "Aliyense aphike chimene ali nacho, tikawapatse."

Amayi anayang'ana pansi. Anadziwa chimene mwana wawo akuwapempha, ndipo tonse tinadziwa. Potsiriza anati, "Kukaona alendo ndipita."

A Lukiya anatembenukira kwa ine. "Iwenso utsagane nafe ndi kafoni kakoko. Ukajambule, koma usakalembepo nzeru zako."

Tinanyamuka Lolemba kutangocha, azimayi makumi asanu ndi limodzi, amuna asanu ndi awiri, ine ndili kumbuyo. Onse anavala zovala zawo zabwino. Aliyense anasenza kabeseni kapena kamphika kovindikira ndi nsalu. Panalibe nyimbo, panalibe chikwangwani. Anthu a m'njira ankafunsa ngati tikupita ku chinkhoswe. Ine ndinali nditavala nsapato zanga zosongoka za ku Balaka, ndipo tisanafike theka la ulendo ndinazivula n'kuzinyamula m'manja. Azimayi amene anagonera chitedze ankandidikira pa mthunzi uliwonse, ndipo a Dalesi anandifunsa ngati chala chija chatopa.

Tinafika pa Ngokwe cha m'ma teni, kugawa kuli mkati. Mzere wa anthu a midzi ina unali wautali, ndipo pa chingwe cholowera panaima apolisi awiri.

"Kalata ya chilolezo ili kuti?" anafunsa wamkuluyo.

"Ya chiyani, bwana?" anatero a Lukiya. "Tabwera kudzaona alendo athu, mayi Joanna ndi anzawo. Anadzacheza kwathu Lachinayi."

Wapolisiyo anayang'ana mnzake. Anayang'ananso mipango yochapa, mabeseni, ndi nkhalamba zogwira ndodo. M'buku lake munalibe lamulo loletsa munthu kucheza. Asanaganize choyankha, azimayi onse ananena pamodzi, mwaulemu wake, "Odi kuno."

Mayi Joanna anatuluka mu tenti. Atawaona amayi anga anagwira pakamwa, kenako anati, "Odini, lowani."

Analowa n'kukhala pansi mwadongosolo kutsogolo kwa tebulo la kaundula, miyendo atatambasula. Ndiye moni unayamba. Kwathu moni sapereka wa chigulu. Mayi aliyense anadzuka, kupita kwa mayi Joanna, kugwada, kufunsa mmene anayendera tsiku lija, mmene anawapezera ana kunyumba, kenako kwa a Hudson chimodzimodzi, kenako kwa dalaivala. A Hudson ndi amene ankaitana maina a olandira chimanga, ndipo munthu sungaitane maina wina atakugwadira akukufunsa za ana ako. Mzere unaima. Ine ndinayatsa foni n'kuyamba kuonetsa zochitikazo pa tsamba langa, ndipo oonera analipo makumi anayi ndi atatu.

Moni utatha, a Lukiya anawayang'ana amayi. Amayi anadzuka pang'onopang'ono, ananyamula kamphika kawo, n'kukakaika patebulo pamwamba pa mapepala. Anachotsa nsalu.

"Mayi," anatero, "tsiku lija sitinakupatseni chakudya chathu. Tinachita manyazi. Chakudya chathu ndi ichi."

Ena onse anabweretsa zawo. Tebulo linadzaza, ena anaika pansi. Chinali chitedze chakuda bii, mango aawisi owiritsa, ndi mizu ya m'dambo imene ine sindinkaidziwa n'komwe dzina. Anthu a pamzere anasiya kudandaula n'kuyamba kusuzumira. Pamenepo ndinatsitsa foni, chifukwa nkhope ya amayi sindinafune kuijambulanso.

Mayi Joanna anapempha madzi, anasamba m'manja, natapa chitedze cha amayi n'kudya. Anatafuna nthawi yaitali. Anapatsira a Hudson, amene anameza kamodzi n'kuyamba kutsokomola. Kenako azimayi anakhalanso pansi. Palibe anapempha kanthu, palibe anatchula kaundula. Anangokhala monga amakhalira alendo amene sanatsanzike, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa chimene mwininyumba amachita mlendo akafika dzuwa lili pamutu.

Tinakhala maola atatu. Mayi Joanna analowa mu tenti ndi foni yawo, kutuluka, kulowanso. Cha m'ma thu anatiphikira phala la ana lija amagawa ku sikelo, ndipo tikumwa anabwera kudzanena kuti Lachitatu abweranso kwa Mbalika ndi anthu okwanira kulemba nyumba iliyonse. Anawonjeza kuti chonde, asadzaphikiridwe kanthu. Azimayi anaseka, anathokoza, anatsanzika mmodzimmodzi, n'kutenga mabeseni awo.

Mpaka lero ine ndi a Lukiya timakangana za tsiku limenelo. Ine ndimati mwa anthu makumi anayi ndi atatu aja munali wina amene anatumiza kanemayo kwa bwana wamkulu, chifukwa dalaivala anandiuza choncho. Iwo amati bwanayo anamva kuti mzere waima ndipo malole akudikira, basi. Amandikumbutsanso kuti dalaivala yemweyo ndi uja wa ntchafu ya nkhuku. Ine ndimawakumbutsa kuti popanda chithunzi changa sipakanakhala alendo oti akawabwezere ulendo. Apa amangoti, "Nsapato zija zilipo?"

Lachitatu anabweradi, ndipo analemba nyumba ndi nyumba. Atafika kwa amayi, tabuleti ya a Hudson inakana chiphaso chawo. Anayesa katatu, n'kunena kuti mwina ndi netiweki, akakonza ku ofesi. Ine ndinabwerera ku benchi yanga ku Balaka mtima uli m'malo.

Tsiku lolandira linali kumayambiriro kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumadzulo. Ndinabweranso kuti ndidzawasenzere amayi thumba lawo. Mudzi wonse unakhala pa bwalo la matenti lija, aliyense ndi thumba lopanda kanthu lopinda bwino, chifukwa ena ankagawana pomwepo kuti asenze mopepuka. A Hudson anayamba kuitana. A Dalesi anadzuka. A Lukiya anadzuka. Mwalimu anadzuka. Amayi anakhala chowongoka, chiphaso chili m'manja, ndipo dzina lililonse likatchulidwa ankayang'ana mwini wake n'kumugwedezera mutu. Maina anakwana makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi limodzi. A Hudson anatseka buku osayang'ana kumene tinakhala.

Mayi Joanna anabwera okha n'kunjuta pafupi ndi amayi. Anafotokoza kuti makinawo salola chiphaso chimodzi kulembedwa kawiri. Fomu yoyamba ija, ya nyama ndi mpunga ndi shuga, ndi imene inatsala, ndipo inaika nyumba ya Abiti Laisi m'gulu la osavutika. Anali atalemba kale kalata ku likulu yopempha kuti ifufutidwe, koma yankho silingabwere Januwale asanafike. Maso awo anali ofiira. M'mudzi monse, nyumba imene inaphikira alendo ndiyo yokha inatsala kunja.

A Lukiya anaponya thumba lawo pansi. "Ndiye tikhalanso pompano. Azimayi, khalani pansi."

"Iyayi," anatero amayi. "Anthu alandira, ana awo akudikira kunyumba. Usawasungire pano chifukwa cha ine." Anadzuka, anasasa fumbi, nathokoza mayi Joanna chifukwa cha kalatayo. Kenako anauza a Lukiya kuti asenze thumba lawo, ulendo ndi wautali.

Ndinasenza ndine thumba la a Lukiya. Ndinkadziwa kuti thumba limenelo, la banja la anthu asanu ndi awiri, tsopano lidyetsa khumi ndi mmodzi, ndipo silifika pakati pa mwezi. Ndinkadziwanso kuti mvula ikagwa amayi alibe choti akafese kudambo. Tinayenda ola lathunthu, amayi ali patsogolo panga, thumba lawo lopinda lili m'khwapa.

"Amayi," ndinatero potsiriza, "anthu aja ndinawaitana ndine. Mundikhululukire."

Tinadutsa mphambano ya ku dambo, tinadutsa mjigo wakufa uja. Kenako anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza.

"Idrisa, tsiku lija iwe unakhala nawo pafupi. Ine ndinali kukhitchini." Anandiyang'ana m'maso. "Mpunga uja unapsa bwino?"

"Unapsa bwino, amayi. Anatha wonse."

"Basi," anatero, n'kupitiriza kuyenda.